Kusaka okapi wakale, kuchokera Joni mpaka Stanger

Lolemba, Standerton

Ndafika bwino. Takisi inachedwa kudzadza pa renki ya kufupi ndi Park Station paja, ndinalowa cha m'ma 7 koma tadzanyamuka 10 itadutsa kale, ndipo kuzizira kwa July uno abale zala zimachita kukana kupindika. Mayi wina amene anakhala pambali panga atandiona ndikungofikisa manja anatsegula pulasitiki nkundipatsa magwinya awiri otentha, mandasi a kuno aja, osafunsa nkomwe kuti ndine wakuti. Ndalipira R220. Tinadzera N3 mpaka Heidelberg kenako R23, Balfour, Greylingstad, mbali zonse ndi minda ya chimanga yokolola kale ndi tchire lotenthedwa lakuda bii.

Kwa amene mukudabwa kuti munthuyu akuyendera chani, ndatenga holide kuntchito ndipo ndikusaka mpeni wopinda, okapi. Osati wa masiku ano ayi, amenewo ali mbwee mu Joni, R100 ndi kanthu wagula. Ndikufuna wakale uja wolembedwa Made in Germany patsinde pa chitsulo. Ma poni shopu a mu Joni ndawazungulira mpaka kutopa, muli mafoni, ma TV, magilayinda basi, ukangotchula za mpeni ndi kayankhulidwe kathu komveka kuti ndiwe wobwera amayamba kukuyang'ana kuchokera kunsapato kukwera m'mwamba. Mnzanga wina wogwira ntchito pa famu ndi amene anandiuza kuti katundu wakale amabisala m'matauni ang'onoang'ono, momwe shopu imachoka kwa bambo kupita kwa mwana mashelefu akumbuyo osakhudzidwa.

Standerton ndi tauni ya alimi m'mbali mwa mtsinje wa Vaal, mabaki okhaokha ndi maenje mumsewu. Ndinalowa mu shopu ina ya katundu wogwiritsidwa kale ntchito, mabedi, mapoto, mawotchi oima. Eni ake ndi gogo wachibunu, ndinawapatsa moni kuti tannie monga amachitira kuno, ndipo nditawafotokozera anatenga kakiyi nkutsegula kabati ya galasi. Ananditulutsira mpeni wa kampani ya Joseph Rodgers. Chigwiriro chake cha fupa chasanduka chachikasu ndi ukalamba, pachitsulo pali kanyenyezi ndi kamtanda, pansi pake Sheffield England. Akuti alimi akale aliyense amakhala nawo m'thumba wodulira biltong, nyama youma ya kuno. Ndinautsegula nkuutseka, sipuling'i ikadali ndi mphamvu zake zonse, umatseka ndi kaphokoso koti tha. R900. Ndinaubweza ndi manja awiri.

Nditafunsa za okapi anapukusa mutu, akuti zaka zonse akhala mu shopumo palibe munthu anabwerapo ndi okapi kudzagulitsa. Ku shopu ya zipangizo za ulimi ndinawapeza atapachikidwa pakhoma atsopano phuliphuli, onse Made in South Africa.

Ndadya pap ndi nyama ya ng'ombe R55 pa renki. Loji R350, bulangete limodzi lopyapyala, ndigona ndi jekete.

Lachiwiri, Newcastle

Mmawa ndinatsika pa Volksrust, pamalire a Mpumalanga ndi KwaZulu-Natal, udzu wonse uli mbuu ndi chisanu. Pali kashopu ka zitsulo zakale, masipanala, majeke, nyale za parafini, ndipo madala a pamenepo mipeni amaidziwa. Tinacheza nthawi yaitali ataima pafupi ndi hita. Zambiri zomwe amanena ndimazidziwa kale koma zimakoma kuzimva kwa munthu woti anazigwira ndi manja. Okapi unayamba kupangidwa mu 1902 ku Solingen, tauni ya ku Germany yotchuka ndi mipeni ndi masizasi, ndipo amaupangira dala kudzagulitsa kuno ku Africa, wotchipa woti munthu wantchito akwanitse. Mu 1988 kampani ina ya kuno inagula dzinalo pamodzi ndi makina ake, kuyambira pamenepo umapangidwa mu South Africa momuno.

Ine chaka cha 1988 chimenecho ndi chomwe chinandinyamula pa bedi nkundiyika mumsewu. Ndi chaka chomwenso ulendo wa theba unathera kwa a Malawi, pa mkangano uja woyeza magazi pofuna kuona kachilombo ka Edzi. Ndiye mukaganiza bwino, okapi amene ankabwera m'bokosi la munthu wa theba anali wa ku Germany. Agogo anga aamuna anapita ku Wenela ndege ija isanagwe ku Francistown mu 1974, ija inapha a Malawi oposa 70 mpaka Kamuzu kuletsa kulemba anthu. Anabwera ndi bokosi lachitsulo, bulangete lolemera, wailesi ndi okapi. Wailesi ine ndinaipeza itafa kale koma mpeni ndinaupeza ukugwira ntchito tsiku lililonse. Kung'amba nsungwi zolukira nkhokwe, kusema mpini wa khasu, kudula luzi, kusenda nzimbe nkumatigawira ife adzukulu mfundo imodzimodzi, pa Khirisimasi kusenda mbuzi. Amaunola pa mwala wa pakhonde atalavulira pang'ono. Mwana samaugwira, umangoyang'ana. Atamwalira unapita ndi amalume ndipo unathera kumeneko.

Ndiye madala aja atanena kuti okapi ndi mpeni wa atsotsi, wa Loweruka usiku kumashabini, mtima unandiwawa ndithu ngakhale ndikudziwa kuti sakunama, kuno mbiri yake ndi imeneyo ndipo anthu ambiri afa nawo. Ndinangowauza kuti oom, kwathu unali mpeni wa munthu wobwera ku ntchito. Anandiyang'ana nkugwedeza mutu, kenako nkundiuza kuti ndikayese ku Dundee kwa amwenye a mashopu akale.

Kuchoka Volksrust msewu wa N11 umatsika motsetsereka pa Laing's Nek, phiri la Majuba lili kudzanja lamanja, ndipo mathiraki a malasha ndi ndandanda, dalaivala wathu amawapitirira pamalo poti ine ndimangotsinzina. Tisanalowe Newcastle tinapeza rodibuloko. Mapepala anga ali bwinobwino koma m'mimba munatentha basi, ndi mmene timakhalira ife obwera. Anaona pasipoti ndi pemiti nkundibwezera mwaulemu. Ndili chikhalire ndinayamba kuganiza kuti nanga tsiku lomwe m'chikwamamu mudzakhale mpeni. Lamulo la kuno la zida zoopsa la 2013 silikuletsa kukhala ndi mpeni wa m'thumba, mlandu umabwera ngati pali chifukwa chokukayikira kuti ukufuna kupweteka nawo munthu, koma kukayikirako amakhala nako ndi wina osati iwe. Ndatsimikiza kuti chilichonse ndigule ndizipempha lisiti ndipo chizikhala pansi penipeni pa chikwama.

Newcastle ndi yaikulu, mashopu ake ndi ngati a mu Joni omwe. Sindinapeze kanthu, miyendo ikuwawa.

Lachitatu, Dundee

Lero ndi tsiku labwino ngakhale chomwe ndikufuna sindinachipeze.

Dundee inakula ndi migodi ya malasha ndipo ukayenda kuseri kwa msewu waukulu mashopu akale aja alipodi, a khonde lalitali la malata, mkati mwa mdima pang'ono, fungo la sopo, fodya wa m'mphuno ndi mabulangete atsopano. Mapoto a miyendo itatu aunjikidwa pakhomo, mikanda, zikwanje, nsapato za jombo, mafuta a nyale. Mu shopu ina ndinapeza bambo wachimwenye wachikulire kwambiri atakhala kuseri kwa kauntala ya matabwa yoti pakati inachita kukumbika ndi zigongono za anthu. Ndinati uncle, ndikufuna okapi wa ku Germany. Anaseka mpaka kutsokomola, nkuitana mdzukulu wawo kuti abweretse tiyi.

Akuti bambo awo amagulitsa ma okapi m'madazeni tsiku la malipiro, anthu a m'migodi amafola pamzere, Azulu, Abasotho, ndi a kwanu omwe ma Nyasa, anatero. Amabwera m'timabokosi ta makatoni, uliwonse wokulungidwa pepala la mafuta. Ndinawafunsa kuti nanga anapita kuti onsewo, bwanji m'mashopu a zakale mumapezeka Rodgers koma okapi ayi. Yankho lawo lakhala likuzungulira m'mutu mwanga tsiku lonse. Akuti mwini Rodgers anali ndi mipeni ina kukhitchini, ina kushedi, wa m'thumbawo amangodulira nyama youma, akafa ana amaupeza mu dirowa uli bwinobwino nkupita nawo kokagulitsa. Mwini okapi anali ndi umodzi womwewo, wa kumunda, wa kukhola, wa pa maliro, amaunola mpaka chitsulo kutha, chikatha amagula wina. Sumafika mu dirowa.

Ndi zoona. Chitsulo cha okapi ndi chija chosachedwa kuchita dzimbiri, chimada ukadulira ndimu kapena nyama, koma ubwino wake sichivuta kunola, mwala uliwonse wa kumtsinje umachigwira, ndipo kunola kulikonse kumadya pang'ono. Wa agogo uja mmene ndimauona komaliza unali utachepa kale.

Kenako anadzuka pang'onopang'ono, atagwira shelefu, nkukatsegula dirowa ya pansi yomwe inachita kulira. Munali mabatani, zingwe za nsapato, maloko opanda makiyi, ndi timipeni titatu tating'ono ta Richards, nato ta ku Sheffield, tokhala ndi chizindikiro cha nyale ya mumsewu patsinde. Ndi totchipa tija ta chigwiriro cha chitsulo chopyapyala chokutidwa ndi pulasitiki yonyezimira, tomwe kale amagulira anyamata asukulu. Sitinagwirepo ntchito, tangokhala mmenemo kuyambira nthawi ya bambo awo. Ndinagula kamodzi kobiriwira, R60, ndipo anandilembera lisiti pamanja mu buku la kaboni. Tiyi ndi masamusa anakana kuti ndilipire.

Potuluka anandiuza kuti mwana wanga, ngati ukufuna wa ku Germany siya kuyang'ana m'mashopu, kayang'ane m'matumba a madala. Akuti mawa nditsike ku Msinga, ndi sabata ya malipiro a okalamba, onse amakhala ali pa Tugela Ferry.

Ndagona kwa mayi wina wochititsa lendi zipinda kuseri kwa nyumba yake, R250, ndipo anandibwereka botolo la madzi otentha loyika kumapazi.

Lachinayi, Tugela Ferry

Ndikulemba usiku ndili ku Greytown, thupi lonse lili fumbi lokhalokha koma tulo sitibwera ndisanalembe izi.

Msewu wa R33 kuchoka Dundee umadutsa Helpmekaar ndi Pomeroy kenako umayamba kutsika, kukhotakhota, ndipo ukamatsika kuzizira kumatsala kumtunda, jekete ndinavula tisanafike. Dziko la miyala yokhayokha, minga, mbuzi paliponse, nyumba zozungulira zomwazikana m'mapiri. Pansi penipeni mtsinje wa Thukela ndi tauni yake yopanikizana, anthu, matakisi, mabaki, mahutala. Amayi ena avala zipewa zawo zofiira zotambalala zija za amayi apabanja. Chifukwa cha malipiro msika unafalikira mpaka mumsewu, nkhuku, makabichi, mankhwala azitsamba, nyama yootcha, mapoto, ndipo pa tebulo lina panali mipeni yopinda mulu. Ndinathamangira. Ina inali okapi weniweni watsopano, ina yongofanizira, yopepuka, sipuling'i yofewa, ukaitsegula chitsulo chimagwedera. R35. Ndinaisiya.

Chizulu changa ndi cha pa ntchito, chothyokathyoka, komabe ndinalimba mtima nkupita pamthunzi pomwe panakhala madala angapo akudya nyama yootcha pa katoni. Ndinavula chipewa, ndinagwada pang'ono, sanibonani bobaba. Anandifunsa kwathu. Nditati Malawi, ku Ntcheu, ndife Angoni a kwa Maseko makolo athu anachoka kuno kumwera nthawi ya Shaka, mmodzi anamenya m'manja nkundisendera malo pa benchi. Anandipatsa nyama ndisananene nkomwe chomwe ndabwerera.

Ndiye amene amadula nyamayo, mkhulu wina wa ndevu zoyera wovala jasi la asilikali lakale, mpeni unali m'manja mwake ndi womwewo. Ndinauzindikira asanandipatse. Nditapempha kuti ndiuone anaupukuta pa thalauza nkundipatsa chogwirira chili kwa ine. Thabwa lake lada bii ndi thukuta ndi mafuta a zaka, losalala moti mizere ya mtengo sikuonekanso. Kamwezi kachitsulo kokongoletsera thabwalo kakadalipo, pa nyenyezi zake zitatu yatsala imodzi, pomwe panali zinazo pangotsala timaenje. Kamphete kokokera potseka kanaduka kalekale anaikapo waya wa kopa wopotedwa bwinobwino. Chitsulo chatha ndi kunola, chatsala chopyapyala chosongoka ngati tsamba la nsungwi, kachithunzi ka nyama komwe amadinda pachitsulo kanafufutika, koma patsinde penipeni pomwe mwala sufika, nditapendeketsa padzuwa, zilembo zinaoneka. Germany. Nditautseka nkuutsegulanso unalira timano take ta polumikizira, kr kr kr, kenako kha, ndipo ndinangokhala duu, pakhosi panandigwira.

Akuti anaugula ku shopu ya pa mgodi ku Welkom ali mnyamata, ndipo gulu lawo pansi pa mgodi munali ma Nyasa awiri, anthu osakonda ndewu, osunga ndalama, anatero. Ndinawauza za agogo. Anandifunsa kuti anali mgodi uti, nditawauza anati ayi sitinakumane, koma anamvetsera zonse mpaka kumapeto.

Ndinapempha kugula. Ndinatchula R300, kenako R400, kenako ndinati baba ndikuguliraninso watsopano pa tebulo apo ndalamayo ikhale yapadera. Anzawo aja anayamba kuwauza kuti tenga ndalama iwe. Iwo anangotambasula dzanja kuti ndiwabwezere, nkunena mofatsa kuti mfana wami, uwu umadziwa dzanja langa, watsopanowo ndiyambe kuuphunzitsa ndili ndi zaka izi? Anakoka kawaya kaja ndi chala, chitsulo chinagona, nkuuponya m'thumba la jasi. Sindinaumirize. Kunena zoona akanavomera mwina ndikanamva chisoni kuposa mmene ndamvera pano, chifukwa ndinaona mmene amaugwirira.

Macheza anatalika, pomwe ndimafika pa renki takisi ya ku Greytown yomaliza inali itapita ndipo dzuwa limalowa kuseri kwa mapiri. Apa ndiye mantha anandigwira zenizeni, malo sindikuwadziwa, ndine wobwera, mashopu akutseka mazitseko achitsulo, anthu akutha mumsewu. Mayi wina wogulitsa malalanje amene amalongedza katundu anandifunsa kuti ubhuti ukupita kuti. Anaimba foni, patapita kanthawi panafika baki ya mchimwene wake yomwe imapita ku Greytown kukatenga katundu wa mmawa. Kutsogolo kunali kodzadza ndiye ndinakwera kumbuyo ndi makireti opanda kanthu, mayi aja anandiponyera thumba la malalanje anayi ndi katoni yoti ndikhalire. Tinadutsa Keate's Drift kuli mdima, kukwera phiri mphepo ikundimenya kumaso, nyenyezi zili mbwee. Ndinapereka R50, dalaivala amakana, ndinachita kumuikira m'thumba.

Lachisanu, Greytown

Ndaupeza!

Kunacha ndi nkhungu, tauni ya mitengo ya paini ndi bulugamu, mathiraki a matabwa akudutsa. Ndinadzuka wofooka, maganizo anali oti ndingomwa tiyi ndizipita kunyanja. Podikira kuti takisi idzadze kondakitala anandiuza kuti pali nthawi, ndiye ndinangoti ndiyende pang'ono, nkupeza shopu ina ya katundu wa m'nyumba za anthu omwalira kapena osamuka, matebulo, mabuku, makina osokera. Mu kabati ya galasi munali Rodgers wina ndi Victorinox wofiira, mitengo yake yosayandikirika. Koma pansi pafupi ndi chitseko panali kireti ya zitsulo zadzimbiri, pakatoni analemba kuti chilichonse R30.

Ndinagwada nkuyamba kufukula. Mahinjesi, masipanala othyoka, zotsegulira mabotolo, mabawuti, manja onse kufiira. Pansi penipeni chala chinakola kamphete. Nditakoka unatuluka uli wotseka, wouma gwa ndi dzimbiri, thabwa lotuwa koma losang'ambika, kamwezi ndi nyenyezi zonse zitatu zilipo. Kutsegula unakana, ndinachita kukanikiza ndi kandalama ka R2 mpaka unasuntha pang'ono pang'ono. Nsonga yake ndi yothyoka, kachidutswa kotalika ngati chikhadabo kanachoka, zikuoneka kuti wina anatsegulira chitini kapena anapotokolera sikuluwu. Ndi chifukwa chake unapulumuka, utathyoka anangouponya mu bokosi la zitsulo, moti chitsulo chikadali chotambalala, sichinadyedwe ndi mwala. Ndinalavulira pa chala nkupukuta patsinde, nkupukutanso. Made in Germany.

Manja amanjenjemera. Ndinapita kwa mwini shopu, bambo wachizungu wa msinkhu wapakati, ndipo sindinafune kubisa, ndinamuuza kuti bwana ichi ndachisaka kuchokera ku Joni, ndi cha ku Germany, ngati mtengo wake ndi wina nenani. Anautembenuza, anavala magalasi, nkunena kuti pakatoni palembedwa R30 ndiye ndi R30. Anandikulungira mu nyuzipepala, anamata ndi tepi, lisiti analemba kuti mpeni wakale wothyoka. Uli pansi pa chikwama mkati mwa sokosi.

Takisi ndinaipeza itapita, ndinadikira ina mpaka masana koma sizinandikhudze nkomwe. Ndadya chipisi ndi soseji ya Russian R40 nditakhala pa kireti, ndikungomwetulira ndekha.

Loweruka, Stanger

Dzulo madzulo tinatsika ndi R74, Kranskop, Maphumulo, mapiri ndi zigwa zoti ukayang'ana pansi mutu umazungulira, kenako minda ya nzimbe mpaka komwe maso alekezera, ina ikufuka utsi poti ino ndi nyengo yodula. Kuno kukutentha, jekete yabwerera m'chikwama. Pa zikwangwani amalemba KwaDukuza koma pa renki aliyense akuti Stanger.

Mmawa ndikuyenda kufuna parafini ndinamva munthu akuyankhula pa foni Chiyao chosakaniza ndi Chichewa, pakhonde la shopu, ali pa makina osokera. Ndinangoima nkuti achimwene muli bwanji. Ndi a ku Mangochi, telala, akhala kuno zaka zambiri. Anasiya nsalu nkundikokera mpando, ndipo pomwe ndimamaliza kufotokoza za ulendo wanga anali atatuma kale mwana kunyumba kuti akauze mayi ake kuti kuli mlendo. Masana ndadya nsima ya ufa woyera ndi usipa wochokera kumudzi, wobwera ndi ma transporter, ndinadya mpaka manyazi.

Mpeni tinaukonzera pakhonde pomwepo. Anatenga kabotolo ka mafuta a makina nkudontheza polumikizira, ine ndikutsegula ndi kutseka, madzi adzimbiri akutuluka ofiira, mpaka timano tija tinayamba kumveka. Chitsulo tinachipukuta ndi sitiliwulu wa mapoto mosamala, ndipo kanyama kaja kanatulukira, miyendo yake ndi khosi. Iwo amayesa ndi mbawala. Ndinawauza kuti ndi okapi yemweyo, nyama ya m'nkhalango za ku Congo, m'bale wake wa kadyamsonga, azungu anaidziwa mu 1901 chaka chimodzi mpeniwu usanayambe kupangidwa, ndipo dzina lake la m'mabuku a sayansi lili ndi dzina la Harry Johnston, yemwe uja anali bwanamkubwa woyamba kwathu, amene boma la kwawo kwa atelalawa ku Mangochi linkatchedwa dzina lake kuti Fort Johnston. Anaimitsa makina nkuutenganso kuti auonetsetse.

Mnyamata wina wonola mipeni ndi gilayinda pafupi pomwepo anati ampatse R20 akonze nsongayo mphindi ziwiri. Ndakana. Gilayinda imatenthetsa chitsulo mpaka kufewa ndipo imadya kwambiri, ndikakonza ndekha pa mwala pang'onopang'ono ndikafika, ngakhale zitenge masabata. Atelala akuti Isithebe, komwe makina opangira okapi aja anafikira atachoka ku Germany, ndi pafupi, kungowoloka Thukela cha ku Mandeni, ndipo akuti ku Eshowe kuli shopu ina ya zakale yomwe kasitomala wawo amaitchula. Ndawerenga ndalama zatsala, sizikulola, Lolemba ndikufunika kuntchito.

Kampeni kobiriwira ka ku Dundee kaja ndawasiyira atelala kuti azidulira ulusi, anakana kawiri kenako analandira. Ndigona kwawo lero, akana zoti ndikalipire loji. Mawa 5 koloko andiperekeza pa renki ya ku Durban, basi ya ku Joni ndakabukitsa kale pa foni, R480, inyamuka 9.